Ululu wa pambuyo pa root canal: kuyerekeza ibuprofen, paracetamol, diclofenac ndi njira zina

Dokotala wa mano akachotsa mtsempha wa m'kati mwa dzino pa chithandizo chotchedwa root canal, odwala ambiri amayembekezera kuti ululu uthera pompo, ndipo amadabwa dzanzi likatha madzulo n'kupeza kuti dzino lija likuwawa akamaluma. Chimene chikuwawa pamenepa si m'kati mwa dzino, chifukwa m'menemo mwatsukidwa ndi kutsekedwa. Kunja kwa muzu kuli timinofu tating'onoting'ono timene timamangirira dzino ku fupa la nsagwada, ndipo timinofu timeneti tili ndi mitsempha yakeyake yamoyo. Pamene dokotala akupala ngalande za muzu ndi tizitsulo topyapyala, tizinyenyeswa, tizilombo ndi mankhwala otsukira zimatha kudutsa pang'ono kunsonga ya muzu n'kukanyanyula timinofu tija, makamaka ngati malowo anali otupa kale chifukwa cha matenda a dzinolo. Thupi limayankha potulutsa zinthu zotchedwa prostaglandin, zimene zimatupitsa malowo ndi kuchititsa kuti mitsempha izimva kuwawa ngakhale ikakhudzidwa pang'ono. N'chifukwa chake munthu amamva ngati dzino latalika kuposa anzake, ndipo ululu umakula akatafuna kapena akagona pansi.

Ululu umenewu uli ndi nthawi yake. Mu 2011, ofufuza awiri, Pak ndi White, anasonkhanitsa zotsatira za akafukufuku ambiri ndipo anapeza kuti anthu 81 pa 100 alionse ankamva ululu asanalandire chithandizo, 40 pa 100 ankamvabe ululu patatha maola 24, koma pofika kumapeto kwa mlungu woyamba anatsala 11 okha pa 100. Choncho ntchito ya mankhwala n'kumudutsitsa munthu masiku awiri kapena atatu oyambirira, pamene kutupa kuli pachimake, ndipo mankhwala oyenera ndi amene amalimbana ndi kutupako osamuvulaza munthuyo kwina.

Woyamba kumuganizira ndi ibuprofen, amene ambiri timamudziwa ndi dzina lakuti Brufen. Mankhwalawa anapangidwa ndi Stewart Adams ndi anzake ku kampani ya Boots mumzinda wa Nottingham, ndipo anayamba kuperekedwa kwa odwala ku Britain mu 1969. Ali m'gulu la mankhwala otchedwa NSAID, amene amatsekereza ma enzyme awiri, COX-1 ndi COX-2, omwe thupi limagwiritsa ntchito popanga prostaglandin. Amene anasonyeza kuti aspirin ndi mankhwala a mtundu wake amalepheretsa kupangidwa kwa prostaglandin ndi John Vane mu 1971, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 1982. Kwa dzino lomwe lachotsedwa mtsempha, zimenezi zikutanthauza kuti ibuprofen amagwira ntchito pamalo penipeni pamene vuto lili, kunsonga ya muzu. Munthu wamkulu wopanda matenda ena amamwa 400 mg pa maola 6 kapena 8 alionse, ndipo popanda uphungu wa dokotala asapitirire 1,200 mg pa tsiku. Dokotala akhoza kulemba mlingo wokulirapo, monga 600 mg, koma n'kofunika kudziwa kuti kupitirira 400 mg pa nthawi imodzi kumawonjezera mpumulo pang'ono chabe pamene chiopsezo cha m'mimba ndi impso chikukwerabe. Mapiritsi ena ndi a 200 mg, ena a 400 mg, choncho amene wauzidwa kuti azimwa awiri ayenera kuwerenga pa pakete kapena pa kachikwama ka ku famase kuti adziwe mphamvu ya piritsi limene ali nalo m'manja.

Paracetamol, amene ambiri amangoti Panado, ndi wosiyana. Ntchito yake yaikulu amaigwira mu ubongo ndi mu msana, kumene amachepetsa mmene thupi limamvera ululu, ndipo pa kutupa kwenikweniko sachita zambiri. Pachifukwa chimenechi, akamwedwa yekha amaperewera pomuyerekeza ndi ibuprofen pa ululu wa mano. Ubwino wake ndi wakuti sakanda m'mimba, sachepetsa kuundana kwa magazi ngati aspirin, ndipo ndi amene amatsalira anthu ambiri omwe ma NSAID ndi oletsedwa kwa iwo. Mlingo wa munthu wamkulu ndi 500 mg mpaka 1,000 mg pa maola 4 mpaka 6 alionse, osapitirira 4,000 mg pa tsiku, kumene kuli mapiritsi 8 a 500 mg. Malire amenewa si ongolankhula, chifukwa paracetamol wochuluka amawononga chiwindi mwakachetechete, ndipo zizindikiro zimatha kuoneka patapita masiku, kuwonongeka kutachitika kale. Munthu wolemera makilogalamu osakwana 50, womwa mowa kwambiri, wodwala chiwindi kapena amene ali pa mankhwala a TB afunse dokotala mlingo wake. Mankhwala ambiri a chimfine ndi a mutu amakhala ndi paracetamol m'kati mwake, ndipo munthu akhoza kupitirira malire osadziwa ngati akumwa zonsezo tsiku limodzi.

Njira imene ndimaiona kuti imaposa zonse kwa munthu wathanzi ndi kuphatikiza awiriwa. Popeza amagwira ntchito m'malo osiyana m'thupi, mphamvu zawo zimawonjezerana, ndipo kumwa onse pamodzi si kubwereza mankhwala amodzi. Mu 2013, bungwe lounika akafukufuku a zaumoyo lotchedwa Cochrane linaunika akafukufuku a anthu amene anazulidwa mano akumbuyo omalizira kumera, ndipo linapeza kuti mwa amene anamwa ibuprofen 400 mg pamodzi ndi paracetamol 1,000 mg, anthu 73 pa 100 ululu wawo unatsika ndi theka kapena kuposa pa maola 6, poyerekeza ndi 52 pa 100 mwa amene anamwa ibuprofen yekha, ndi 7 pa 100 mwa amene anapatsidwa piritsi lopanda mankhwala. Ngakhale mlingo wochepa, ibuprofen 200 mg ndi paracetamol 500 mg, unathandiza anthu 69 pa 100. Ziwerengerozi zinachokera pa kuzula dzino, osati pa root canal, koma ululu wa pawiriponse umayamba ndi kutupa kwa minofu ndi fupa lozungulira dzino. Mu 2024, bungwe la madokotala a mano ku United States, American Dental Association, linatulutsa malangizo akuti pa ululu wa mano wa nthawi yochepa, mankhwala oyambira akhale NSAID payekha kapena pamodzi ndi paracetamol, osati mankhwala a gulu la morphine.

Nthawi yomwera imathandiza mofanana ndi mtundu wa mankhwala. Jakisoni wa dzanzi amasiya mlomo ndi tsaya zili zolemera kwa maola awiri mpaka anayi, ndipo ndi bwino kumwa mlingo woyamba dzanzilo lisanathe, kuti ululu ukamafika upeze mankhwala ali kale m'magazi. Moto umazimitsika msanga ukadali pa udzu wa pakhomo kusiyana ndi pamene wagwira denga, ndipo kutupa nako n'chimodzimodzi. Tiyerekeze munthu amene wachoka pampando wa dokotala 12 koloko masana. Akhoza kudya phala kapena nthochi, mosamala kuti asadzilume tsaya ladzanzilo, n'kumwa ibuprofen 400 mg ndi mapiritsi awiri a paracetamol cha m'ma 2 koloko, kenako 10 koloko usiku asanagone, kenako 6 koloko m'mawa atadya kanthu, n'kupitiriza motero pa maola 8 alionse kwa masiku awiri, ngakhale pa nthawi imene ululu ukuoneka ngati watha. Ena amasankha kusinthanitsa, ibuprofen tsopano ndipo paracetamol patatha maola 4, kuti pasakhale mpata umene mankhwala onse atha mphamvu. Njira ziwirizi n'zovomerezeka malinga malire a tsiku sakudumphidwa, koma yosinthanitsa imafuna kulemba papepala nthawi imene mwamwa chilichonse, chifukwa munthu amene wadzuka pakati pa usiku ndi ululu sakumbukira bwino chimene anamwa. Kuyambira tsiku lachitatu, ambiri amangomwa pamene ululu wabwera, kenako n'kusiyiratu.

Diclofenac ndi wofala kwambiri m'mafamase ndi m'zipatala zathu, ndipo ambiri amamukhulupirira kuti ndiye wamphamvu. Pa ululu wa mano amagwiradi ntchito, pa mlingo wa 50 mg kawiri kapena katatu pa tsiku, osapitirira 150 mg. Koma sindiona chifukwa chomusankhira m'malo mwa ibuprofen kwa munthu amene angathe kumwa onse awiri, popeza mpumulo wake suposa kwenikweni pamene chiopsezo chake pa mtima ndi mitsempha ya magazi n'chokulirapo. Mu 2013, bungwe loona za mankhwala ku Ulaya, European Medicines Agency, linanena kuti diclofenac asaperekedwe kwa anthu odwala mtima, amene anadwalapo sitiroko, ndi amene mitsempha yawo ya magazi ya m'miyendo ndi yotsekeka. Palinso chikhulupiriro chakuti jakisoni wa diclofenac amaposa piritsi. Jakisoni ali ndi malo ake, monga pamene munthu akusanza kapena sangathe kumeza, koma mankhwala ake ndi omwewo, ndipo akalowa m'magazi amafika m'mimba ndi mu impso monga momwe piritsi likanachitira.

Naproxen amasiyana ndi anzake pa kukhalitsa m'thupi. Amamwedwa kawiri pa tsiku, 250 mg kapena 500 mg malinga ndi mmene dokotala walembera, ndipo ndi woyenera kwa munthu amene ululu umamudzutsa mbandakucha pamene ibuprofen wa usiku watha mphamvu, kapena amene ntchito yake simupatsa mpata womwa mankhwala masana. Pa mtima amaonedwa kuti ndi wofatsa kuposa diclofenac, koma m'mimba amakanda kuposa ibuprofen wa mlingo wochepa. Indomethacin, amene ambiri amamudziwa kuti Indocid, ndi wa gulu lomweli, koma amabweretsa mutu, chizungulire ndi mavuto a m'mimba kawirikawiri, moti pa ululu wa masiku atatu palibe chomufunira.

Aspirin amachepetsa ululu ndi kutupa, koma amalepheretsa magazi kuundana kwa masiku angapo, amakanda m'mimba, ndipo saperekedwa kwa ana osakwana zaka 16 chifukwa cha matenda oopsa a chiwindi ndi ubongo otchedwa Reye. Chizolowezi choika piritsi la aspirin pa nkhama pafupi ndi dzino lowawa chiyenera kusiyidwa, chifukwa aspirin ndi asidi ndipo amawotcha nkhama n'kusiya chilonda choyera, pamene ululu wa kunsonga ya muzu sakuufika n'komwe. Amene amamwa aspirin wa 75 mg tsiku lililonse poteteza mtima asasiye, koma auze dokotala wa mano, popeza ibuprofen amatha kusokoneza chitetezo chimenecho. Celecoxib, amene amatsekereza COX-2 kuposa COX-1, ndi wofatsa m'mimba ndipo dokotala akhoza kumulembera munthu wa m'mimba movuta, koma ndi wokwera mtengo, ndipo gulu lake limasamalidwa kwa odwala mtima kuyambira mu 2004 pamene kampani ya Merck inachotsa pamsika mankhwala ofanana nawo otchedwa Vioxx.

Pa mankhwala onsewa pali lamulo limodzi limene limaphwanyidwa kawirikawiri: ma NSAID awiri samwedwa pamodzi. Munthu amene wapatsidwa diclofenac kuchipatala, n'kukagula Brufen pa golosale poona kuti ululu sukutha, kenako n'kupatsidwa Indocid ndi mnansi, wamwa mankhwala a ntchito imodzi katatu. Mpumulo suwonjezeka, koma mwayi wa zilonda za m'mimba ndi kuvulala kwa impso ndiwo umakwera. Mnzake wa NSAID ndi paracetamol basi.

Chimene chiyenera kusankha mankhwala si kukula kwa ululu koma thupi la womwayo, ndipo apa m'pamene ndikupempha kuti aliyense aime kaye. Prostaglandin amene amatupitsa muzu wa dzino ndi yemweyo amene amateteza khungu la m'kati mwa mimba ku asidi ndi kusunga magazi kuti aziyenda bwino mu impso. Pachifukwa ichi, munthu amene ali ndi zilonda za m'mimba kapena anatayapo magazi m'mimba, wodwala impso, wa mtima wofooka, ndi amene amamwa warfarin kapena mankhwala ena osungunula magazi, asamwe NSAID popanda chilolezo cha dokotala. Wa mphumu amene aspirin kapena Brufen anamubanikitsapo asayerekezenso. Amene ali pa mankhwala a BP, makamaka ngati akumwa enalapril kapena ofanana naye pamodzi ndi mapiritsi okodzetsa, adziwe kuti kuwonjezera NSAID pa awiriwo kumalemetsa impso, ndipo ngoziyo imakula kwa okalamba ndi kwa munthu amene thupi lake laperewera madzi chifukwa cha malungo, kusanza kapena kutsegula m'mimba. Anthu ambiri ku Malawi ndi ku Zambia ali pa ma ARV okhala ndi tenofovir, monga piritsi la TLD, ndipo mankhwalawa amatuluka m'thupi kudzera mu impso, choncho NSAID wa mlingo waukulu kapena wa nthawi yaitali si wabwino kwa iwo. Sikuti ndi oletsedwa kotheratu, koma dokotala wa mano ayenera kudziwa zimenezi asanalembe mankhwala, ndipo sangadziwe ngati wodwala sananene.

Amayi oyembekezera ali ndi malire awoawo. Mu October 2020, bungwe loona za mankhwala ku United States, FDA, linachenjeza kuti ma NSAID apewedwe kuyambira pa masabata 20 a pathupi chifukwa amatha kusokoneza impso za mwana ndi kuchepetsa madzi amene mwanayo amakhalamo, ndipo m'miyezi itatu yomaliza amatha kutseka msanga mtsempha wina wofunika wa pafupi ndi mtima wa mwanayo. Kwa iwo paracetamol ndiye njira, pa mlingo wochepa umene ukuthandiza. Mayi woyamwitsa angathe kumwa ibuprofen kapena paracetamol, koma osati codeine.

Kwa munthu amene m'mimba mwake simuchedwa kuwotcha koma alibe zilonda, dokotala nthawi zina amalemba NSAID pamodzi ndi omeprazole kuti achepetse asidi. Kumwa ibuprofen mutadya kumachepetsa chilungulira ndi nseru, koma chakudya sichichotsa chiopsezo cha zilonda kwa munthu amene ali nacho kale.

Codeine ndi tramadol, amene ali m'gulu la morphine, amamveka ngati ndiwo mankhwala enieni a ululu waukulu, koma pa mano mbiri yawo si yabwino. Sachita kanthu pa kutupa, ndipo codeine payekha amathandiza anthu ochepa kwambiri pomuyerekeza ndi ibuprofen. Amabweretsa tulo, nseru, chizungulire ndi kudzimbidwa, ndipo munthu akhoza kuwazolowera. Codeine sagwira ntchito mpaka chiwindi chitamusandutsa morphine, ndipo matupi a anthu amasiyana pa liwiro la kusanduliza kumeneku: ena sapeza mpumulo uliwonse, pamene ena amapanga morphine wochuluka mwamsanga mpaka kupuma kumachepa, chimene chili chifukwa chake saperekedwa kwa ana osakwana zaka 12 ndi kwa amayi oyamwitsa. Malo ake ndi ochepa, monga kwa munthu amene NSAID ndi woletsedwa kwa iye ndipo paracetamol yekha walephera, kwa tsiku limodzi kapena awiri, molembedwa ndi dokotala. Dexamethasone, amene ndi steroid, amachepetsa kutupa mwamphamvu ndipo madokotala ena a mano amapereka mlingo umodzi pa tsiku la chithandizo kwa wodwala amene wabwera ndi ululu waukulu, koma amakweza shuga m'magazi ndipo si wodzigulira.

Amoxicillin ndi metronidazole si mankhwala a ululu. Amapha tizilombo, ndipo kuwawa kwa masiku oyamba pambuyo pa root canal kumachokera ku kutupa, osati ku matenda amene akufalikira. Malangizo a American Dental Association a mu 2019 amanena kuti kwa munthu wamkulu wa chitetezo chabwino cha m'thupi, mankhwala opha tizilombo safunika pa ululu wa dzino pokhapokha pali zizindikiro zakuti matenda alowa m'thupi, monga kutentha thupi ndi kufooka. Kumwa makapisozi otsala a m'bale wanu sikufupikitsa ululu, kumangothandiza tizilombo kuti tisamamve mankhwala mtsogolo.

Pali vuto lina limene piritsi lililonse silingathetse, ndipo ndi losavuta kulizindikira. Mukatseka pakamwa pang'onopang'ono n'kumva kuti dzino lothandizidwalo likugunda linzake mano ena onse asanakumane, ndiye kuti chomatira chimene dokotala watsekera dzinolo chakwera, ndipo kuluma kulikonse kukupsinja timinofu totupa tija. Dokotala amaika kapepala ka utoto pakati pa mano, amakuuzani kuti mulume, n'kupala pamene utoto wadinda, ndipo ntchitoyo imatenga mphindi zochepa. Kutafunira mbali inayo, kudya zofewa monga phala, mbatata yophika kapena nsima yosalimba, kupewa chimanga chokazinga, mtedza ndi nzimbe, kugona mutu uli pamwamba pang'ono, ndi kuika nsalu yozizira patsaya kwa mphindi 10 kapena 15 pa tsiku loyamba, zonsezi zimachepetsa mankhwala amene mungafune. Madzi ofunda a mchere amathandiza nkhama imene yapwetekedwa ndi jakisoni kapena ndi kachitsulo kogwirira dzino, koma safika kunsonga ya muzu.

Ululu woyenera kuyembekezera ndi umene ukuchepa tsiku ndi tsiku. Ukamakula pambuyo pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu, ukamagunda ngati mtima, kapena ukabwerera utatha kale, chofunika n'kubwerera kwa dokotala wa mano osati kuwonjezera mapiritsi, chifukwa mwina mafinya asonkhana kunsonga ya muzu, mwina pali ngalande ina imene sinapezeke, monga zimachitikira m'mano akumbuyo a m'mwamba, mwina dzino lili ndi mng'alu, kapena chomatira chongoyembekezera chagwa ndipo malovu alowa m'kati. Kutupa kumene kukufalikira kunsi kwa nsagwada kapena kukwera cha kudiso, kutentha thupi, kulephera kutsegula pakamwa, ndi kuvutika kumeza kapena kupuma, zimafuna chipatala tsiku lomwelo ngakhale usiku. Chimbudzi chakuda bii, kusanza magazi, kuchepa kwa mkodzo, zidzolo kapena kutupa kwa milomo ndi nkhope mutamwa mankhwala, n'zizindikiro zakuti musiye kumwa nthawi yomweyo ndi kupita kuchipatala, mutatenga mapakete a mankhwala onse amene mwamwa, kuphatikizapo a chimfine ndi a zitsamba, kuti dokotala awerenge yekha mayina ndi milingo yake.